Chotsa Phazi Lako

Volos,
Mwezi wa Okutobala.

Wokondedwa mlongo wanga Argyris,

Landira moni wanga, iwe pamodzi ndi alamu anga a Stavroula ndi anyamata ako awiriwo. Muli bwanji ku Melbourne kumeneko? Nanga msana uja walekako? Pa foni umangoti ndili bwino, ndili bwino, koma ndinakulera ndine, ndimadziwa kuti ukanena kawiri ndiye kuti sizili bwino. Uzimwa mankhwala, ndipo uleke kunyamula makatoni m'sitolo mwakomo ngati udakali mnyamata.

Kuno tili bwino ndithu. Mawondo anga ndi omwe aja, amandiuza za mvula wailesi isananene. Alamu ako a Fotis adokotala anawaletsa mchere, ndiye chakudya changa amadya ndi nkhope ya pamaliro, kenako n'kuzemba kukadya tinsomba tamchere kwa anzawo kudoko. Akuganiza kuti sindidziwa, chonsecho malaya awo ndimachapa ndine.

Zithunzi zija tinalandira. Chipinda chimene mwamukonzera mwana wanga Danai n'chokongola, penti yachikasu ija, tebulo pawindo, mpaka maluwa. Za ntchito imene wamupezera kwa mnzako wopanga makabati a kukhitchini tamvanso, ndipo tikuthokoza. Nditaona zithunzizo ndinalira, Danai n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe.

Kalata ino ndalemba chifukwa cha chipinda chimenecho. Usathamangire kumapeto, uwerenge mwadongosolo. Ndikanati ndikuuze pa foni bwenzi utandidula mawu ndisanafike pakati.

Iwe unamuona Danai komaliza ali ndi mano ogweluka. Sukudziwa chimene chatibwerera kuchokera ku Syros, kumene anakaphunzira zolinganiza zinthu za m'nyumba, mipando, nyale, ziwiya ndi zina zotero. Chibwerereni, m'nyumba muno mulibe chinthu chimene chikugwira ntchito yake yakale.

Chosefera makaroni cha mayi chija, cha mabowo chija, pano ndi nyale ya pabalaza. Ukayatsa, denga lonse limadzaza timadontho towala. Kapoto kophikira khofi kali pakhomo, anakamangirira supuni m'kati, ndiye belu lathu. Zitini za tchizi zimene ndinabzalamo maluwa anaziika mateyala, akuti zizitsatira dzuwa. Tsiku lina kunawomba mphepo, ndinapeza maluwa anga ali pakhomo pa aneba.

A Fotis amati tinatumiza mwana kusukulu kuti akaphunzire kuononga ziwiya mwaulemu. Koma mlendo akabwera, woyamba kuthamanga kukayatsa chosefera chija ndi iwowo. Anthu odutsa mumsewu amaima, kuseka, kujambula zithunzi. Vuto ndi lakuti kuseka kwa anthu si ntchito. Mwanayu anagogoda pa zitseko zambiri kuno ndi ku Athens, onse kumuyamikira, womulemba ntchito osapezeka. N'chifukwa chake anavomera zobwera kwa iwe, kumangozengereza kutchula tsiku.

Tsopano tamva za ku kafenio ya bambo, nyumba yomwera khofi ija, imene ine ndi a Fotis tikuyendetsabe, khofi yemwe uja, makasitomala omwe aja, kungoti imvi zachuluka.

Ukudziwa kuti mwamuna wa kuno sakhala pa mpando umodzi. Wina ndi wokhalira, wina wopondapo phazi, wachitatu wotsamiritsa mkono. Bambo anadandaula nazo mpaka kumwalira, a Fotis n'kulandira madandaulowo pamodzi ndi makiyi. Tsiku la mpira anthu amachita kuimirira kukhoma, mipando ili pansi pa nsapato za madoda.

Tsiku lina a Fotis akubwereza nyimbo yawoyi, Danai anangodzuka n'kunena kuti iye apanga mpando umodzi wokhala ndi zonse zitatu, pokhala, popondapo ndi potsamira, kuti aliyense akhute ndi wake, mipando yakale ipume. A Fotis amvekere, ukatero mwana wanga ndikupatsa mapoto onse a amako uwasandutse mabelu.

Anapita nazo kwa a Kalliopi, mayi amene ali ndi malo opalira matabwa kuseri kwa siteshoni ya sitima. Ndi munthu wosachedwa kulankhula, utuchi m'tsitsi, pensulo kukhutu. Ataona zojambula za Danai anamuuza kuti apange ingapo, aiyese mu kafenio mwathu, iwo adzabwera kudzaona ndi maso awo. Madoda akaikonda, azipanga limodzi ndipo Danai adzakhala ndi benchi lake pamalo pawopo.

Pobwera kumeneko Danai anandiuza mosapsatira. Akuti amayi, mpando uwu ukakanika ndiye kuti ndakanika ndine, ndidzaimbira amalume, ndidzatchula tsiku. Ine ndinangoti chabwino mwana wanga, n'kupitiriza kutsuka makapu amene ndinali nditatsuka kale.

Mipando itafika, m'dera muno munali chikondwerero. Yokongola, Argyris! Pokhala pabuluu, popondapo pofiira, potsamira poyera, zonse zolumikizana, miyendo mbwee. A Fotis anatenga mipando yakale ya udzu ija n'kukaunjika mosungira katundu, poti yatsopanoyi ndi yotambalala, imafuna malo.

Woyamba kuyesa anali a Lefteris. Ukuwakumbukira, aja ankagwira ntchito mu injini za sitima zapamadzi, a chimimba ndi ndevu za pamlomo, olankhula mokuwa ngati injiniyo ikuyakabe. Anakhala, kuponda, kutsamira, n'kutseka maso. Amvekere, Fotis, kuyambira lero uzinditchula kuti abishopu, ndipo khofi wanga uzibwera naye ukuwerama. Tonse tinaseka, Danai nkhope ili ngwee.

Kenako analowa a Anestis, telala wopuma uja, wowonda, amene sanayambe watulukapo m'nyumba opanda tayi.

Anthu awiriwa chiyambire ndili mtsikana amachita chinthu chimodzi m'mawa uliwonse. A Anestis amalowa, kudutsa mipando yonse yopanda anthu, n'kukaima pamaso pa a Lefteris. Amvekere, chotsa chiphazi chakocho iwe, si kwanu kuno. A Lefteris amvekere, kodi mipando yatha m'dziko muno kuti uzilimbana ndi wanga, telala wosoka mathalauza a mwendo umodzi waufupi? Akatukwanizana mokwanira, a Lefteris amachotsa phazi monyinyirika, kupukuta mpandowo ndi chipewa chawo, n'kuukankha ndi chidendene. A Anestis amakhala, bokosi la masewera a tavli limatsegulidwa, ndipo phokoso limayamba mpaka masana.

Tsiku limeneli a Anestis anaima malo awo omwe aja n'kunena mawu awo omwe aja. A Lefteris anayankha zawo, kuchotsa phazi, kuvula chipewa, kupukuta, n'kukankha. Palibe chinasuntha. Anakankhanso mwamphamvu, mpando wonse n'kutembenuka nawo, mpaka anapezeka akuyang'ana kukhoma.

Anthu anafa nacho chiseko. A Fotis anathamanga n'kuwalozera a Anestis mpando wina watsopano, wopanda munthu, kuti nawonso akhale ubishopu. Anakhaladi. Koma mipandoyi poti ndi yotambalala, anapezeka ali kutali ndi mnzawo, poti kuti atukwanizane anafunika kukuwa, ndipo a Anestis sakuwa. Anamwa khofi wawo mwakachetechete, kukonza tayi, n'kutsanzika mwaulemu. Ulemu umenewo ndi umene unandiopsa ine.

M'mawa mwake sanabwere. Mkuja wakenso ayi.

Kafenio inazizira, mlongo wanga. Aliyense ali pa mpando wake wachifumu, womasuka bwinobwino, akuyang'ana kumsewu. Wobwera mochedwa analibe woti alimbane naye, ankangopita pa mpando wopanda munthu ngati ali kuchipatala. A Fotis poyamba ankanyadira kuti taonani bata, kenako ndinawapeza akukweza wailesi. A Lefteris anasiya za ubishopu zija. Ankangoyang'ana kukhomo, khofi n'kumazizira.

Danai masiku onsewo anali pakona, kumangoona. Lachisanu masana tikusenda mbatata kukhitchini anayamba yekha. Akuti amayi, ine ndinkaona ngati mpando wa phazi uja ndi wa phazi. Si wa phazi ayi. Munthu amakhala akusungira mnzake, phazilo limangolondera. Akuti ndapanga mpando wa munthu wopanda mnzake, ndipo mawa a Kalliopi akubwera kudzaona manda amenewa.

Ndinayesa kumulimbitsa mtima kuti madoda azolowera. Anangopukusa mutu, akuti Lamulungu aimbira amalume. Mpeni unandigwa m'manja, ndinanamizira mawondo ngakhale mawondo sagwira mpeni.

Loweruka m'mawa a Kalliopi anafika, kukhala pafupi ndi khomo, kuitanitsa khofi wopanda shuga. Anayang'ana madoda ali duu, aliyense payekha. Danai kunalibe. Ine mumtima ndinati mwana wathawa manyazi.

Posakhalitsa tinangoona akulowa, tsitsi atamanga, sowo ili m'manja.

Analunjika kwa a Lefteris n'kuwapempha mwaulemu kuti agogo tadzukani pang'ono. Iwo amvekere, ine ndakhala kale mwana iwe, ukafuna kucheka cheka ndili pompano, koma uonetsetse, mwendo wa thabwa ndi uwo, wangawu ndi uwu. Danai anagwada n'kuyamba kucheka pamene popondapo panalumikizana ndi pokhala.

A Fotis anagwira kumutu. Amvekere, Evanthia, mwana wako wapenga, mpando watsopano! Ndimvekere, akapenga ndi wanga, akayatsa chosefera ndi wanu? Madoda onse anadzuka m'mipando yawo kudzazungulira, aliyense ndi malangizo ake. Wina akuti wayamba mokhota, wina akuti sowoyo ndi yobuntha, wina akuti iye ali mnyamata ankacheka mitengo ya maolivi ndi dzanja limodzi. A Lefteris ali pakati, phazi lili pomwepo, akulamula ngati ali mu sitima. Phokoso limene linasowa sabata yonse linabwerera nthawi imodzi.

Thabwa litaduka, popondapo panagwa chagada, poti panali ndi miyendo iwiri yokha. Phazi la a Lefteris linatsatira, nsapato n'kuuluka kukagwera pansi pa tebulo la a Kalliopi. Mayi aja anaseka mpaka kutsokomola. Anatola nsapatoyo, kukaipereka kwa mwini wake, n'kumufunsa Danai kuti tsopano ukufuna kutani nazo zidutswazi. Danai anafotokoza mofulumira kuti popondapo pakhale mpando weniweni wa miyendo inayi, wokolekedwa ku unzake, woti munthu akaumenya ndi chidendene uzichoka n'kupita kwa mnzake. A Kalliopi anangoti nyamula, tiye.

Lamulungu lija sanakuimbire. Anali ku matabwa.

Mpando woyamba umene anapanga unkachoka bwinobwino, mwakachetechete, ngati kabati ya m'sitolo yodula. A Kalliopi anaukonda, koma Danai anakana. Akuti anthu a kuno sapereka mpando mwaulemu chonchi, mpandowu uyenera kuyamba wakana kaye. Ndiye anasema kathabwa ka manomano n'kukaika pokolekera paja, kuti pochoka uzilimba pang'ono ndi kulira.

Kuti apeze kaliridwe koyenera anaitanitsa a Lefteris ku matabwa komweko, kuwakhazika pa mulu wa utuchi n'kuwauza kuti anyinyirike monga amachitira. Iwo akuti ine sindinyinyirika, ndine munthu wamtendere, ndani wakuuza bodza limeneli, hrrr. Danai amvekere, imeneyo agogo, bwerezani. Anasema, kuyesa, kusemanso, mpaka kathabwa kaja kanayamba kulira ndendende ngati iwowo. Anyamata ogwira ntchito pamenepo akuti analephera kupala matabwa tsiku limenelo chifukwa cha kuseka.

Chinatsala n'kuwabweza a Anestis. Danai anapita kwawo ndi kabokosi ka makeke. Anawapeza atavala tayi pabalaza, akuti sangatuluke, m'mimba simuli bwino. Akazi awo a Garifalia anatulukira kukhitchini, amvekere, bodza, adya mbale ziwiri za nyemba, atengeni chonde mwana wanga, andisokonezera mabatani onse m'chitini, dzulo amafuna kusoka makatani anga kachiwiri. Danai anawauza kuti akufuna munthu wodziwa muyeso kuti aone ngati mpando watsopano uli wowongoka, poti ena onse mu kafenio muja ndi anthu a phokoso chabe. A Anestis anati ngati ndi nkhani ya muyeso, abwera, koma sakhalitsa.

Ndikanakonda ukanakhalapo m'mawa umenewo. Mipando yakale ya udzu a Fotis anali ataibweza, watsopano uli pakati, a Lefteris ali pamenepo, phazi pa kampando kofiira. Anameta ndevu bwinobwino, ngakhale anakana kuti sanametere munthu. A Kalliopi ali pakhomo, Danai ali pambali panga atandigwira mkono mpaka kundipweteka.

A Anestis analowa, kudutsa mipando yonse, n'kuima. Anakonza tayi, amvekere, chotsa chiphazi chakocho iwe, si kwanu kuno.

A Lefteris amvekere, ndimayesa unafa, ndinali nditayamba kale kukondwa. Anatsokomola, kuvula chipewa, kupukuta, n'kumenya ndi chidendene.

Mpando unakana kaye. Kenako unati hrrr, n'kuchoka, n'kukaima pa mawondo a a Anestis.

Telala uja anauyang'ana, kuyang'ananso mnzake. Amvekere, Lefteris, zaka zonsezi ndapirira iwe mmodzi, tsopano mwakhala awiri? Anakhala pansi, n'kuitanitsa bokosi la tavli.

Zimene zinachitika pamenepo sindingathe kuzilemba bwino. Madoda kuwomba m'manja, a Fotis kutulutsa botolo la kachasu wathu wa tsipuro m'mawamawa n'kumathira aliyense osafunsa, a Garifalia amene anatsatira mwakabisira akudzilemba chizindikiro cha mtanda pawindo. Aliyense ankafuna kumenyako chidendene kuti amve kulira kuja. Wansembe wathu podutsa anaitanidwa, naye anamenya, kawiri. Ine ndinalira poyera, osanamizira kanthu.

A Kalliopi anamuuza Danai kuti Lolemba alawirire, ndipo abwere ndi chosefera chija achione. Mpandowo madoda aupatsa kale dzina, akuutcha Chotsa Phazi. Eni kafenio ina ya ku Larisa anabwera kudzauona, ndipo a hotela ina ya kuphiri ku Pilio afunsa ngati ungapangidwe wonyinyirika ndi mawu a munthu wamkazi. A Fotis anati ali naye munthu woti akapereke mawuwo, ndipo tsiku limenelo anadya chakudya chopanda mchere ndi chopanda mafuta chomwe.

Tsopano wadziwa kale chimene ndikufuna kunena. Danai sabwera, Argyris.

Akuopa kukuuza. Wakhala akutenga foni n'kuibweza. Akuti amalume apenta chipinda, auza anzawo onse kutchalitchi, apempha ntchito kwa munthu, ndiwayang'ana bwanji. Ndinamuuza kuti ndiyamba ndine, poti ine sunandiopsepo chibadwire.

Koma pali china chimene iye sakudziwa, ndipo ndikuuza iwe wekha. Lachisanu lija atanena kuti akuimbira, ndinavula epuloni n'kupita kutchalitchi kukayatsa kandulo. Sindinapemphere kuti Mulungu amupatse mwanayu chimene chili chabwino kwa iye, monga amapempherera mayi wanzeru. Ndinapempha kuti asapite, basi. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndikupempha kuti chipinda chako chikhale chopanda munthu, ndipo ndinayatsabe.

Ndikudziwa chimene unkayembekezera. Unachoka kuno uli mnyamata, wakalambira kumeneko, ndipo pa Pasaka aliyense patebulo pako pamakhala abale a akazi ako okhaokha. Unkafuna munthu mmodzi wa kwathu, woti akaseka uzimva mayi. Sunanenepo, koma penti yachikasu ija inanena. Ine ndine wokondwa kwambiri masiku ano, moti ndimadzuka ndikuimba, ndipo ndikudziwa kuti chimwemwe changachi chachokera m'mbale mwako. Sindinama kuti ndikanakonda zikanatembenuka. Ndili naye mmodzi yekhayu.

Pempho langa ndi ili. Akuimbira Lamulungu likubwerali, mukatuluka m'tchalitchi. Usamuuze kuti palibe vuto ndi mawu ozizira aja unatengera kwa bambo, amene amapweteka kuposa kukalipa. Usamuuzenso kuti ntchito imudikira, chifukwa mwanayu ndi wamtima wofewa, ayamba kuganiza kawiri. Umufunse za matabwa, umulole afotokoze mpaka atope. Ngati mkwiyo ulipo, ndipo uli ndi ufulu wokwiya, usunge, undiimbire ine Lolemba. Ndidzakhala pansi, ndidzamva zonse, sindidzakuyankha ngakhale kamodzi. Ukudziwa wekha kuti chinthu chotere sindinalonjezepo munthu.

Undiperekere moni kwa a Stavroula, uwauze kuti maluwa aja ndinawaona ndipo ndidzawalembera paokha. Uwapsompsone anyamata ako ngakhale akule bwanji. Mnzako wa makabati umupepesere m'malo mwathu. A Fotis akupereka moni, a Lefteris ndi a Anestis nawonso, ngakhale akangana kuti wayamba kupereka ndani.

Mulungu akusunge, akuchiritse msana, ndipo akufewetse mtima lisanafike Lamulungu.

Ndine mlongo wako wamkulu,

Evanthia